Wotchula mtengo woyamba anene komwe wautenga

Tsiku la msika ku Nsaru, mtengo wa soya sudikira dzuwa kuti likwere. Venda amene walawirira kukoleka sikelo ndi amene amatchula nambala, ndipo mlimi woyamba kufika ndi thumba pa njinga akangoti "chabwino, yezani", nambala ija yasanduka mtengo wa tsikulo. Mavenda ofika m'ma 8 koloko safunsanso kuti ku Kanengo kwacha bwanji. Amangofunsa kuti mnzawo wayamba pa zingati, n'kutsata pomwepo. Pofika masana msika wonse uli pa mtengo umodzi, koma palibe angafotokoze komwe wachokera.

Madzulo a tsiku lomwelo venda uja amakhala pa benchi kuseri kwa golosale, phindu la tsikulo lili mu Airtel Money kapena Mpamba, n'kutsegula tsamba lobetchera mpira. Akupeza manambala atamudikira kale: timu iyi 1.45, iyo 6.50. Sakudziwa amene wawaika, sakudziwa chifukwa chake, koma akudina. M'mawa anali iye wotchula mtengo. Usiku uno wasanduka mlimi wa pa njinga uja.

Mfundo ya sabata ino ndi imodzi: aliyense wotsegula msika ndi nambala, kaya ndi kampani ya pa intaneti, unduna wa boma kapena venda wa sikelo, aionetse nambalayo poyera, asaifufute ikasintha, ndipo anene komwe waitenga. Wokana kutero akupempha anthu kuti aike ndalama zawo mumdima.

Msika wa zam'tsogolo

Kunja kwatchuka misika ya pa intaneti imene katundu wake si chimanga kapena kaunjika koma mafunso a zimene zisanachitike: ndani apambane chisankho, kodi banki yaikulu ikweza chiwongoladzanja, kodi mvula igwa tsiku lakuti. Funso lililonse lili ndi mbali ziwiri, "inde" ndi "ayi". Tikiti ya mbali imene yalondola imalipira dola imodzi, ya mbali yolakwa siilipira kanthu. Choncho tikiti ya "inde" ikamagulidwa pa masenti 60, ndiye kuti msikawo ukuona mwayi wa 60 pa 100 alionse woti chinthucho chichitika.

Maganizowa si atsopano. Yunivesite ya Iowa ku America inatsegula msika wotere wa zisankho mu 1988. Otchuka lero ndi Kalshi, yomwe inayamba mu 2018, ndi Polymarket, yomwe inayamba mu 2020. Pa chisankho cha pulezidenti wa America cha mu Novembala 2024, ndalama zoposa $3 biliyoni zinadutsa pa funso limodzi lokha pa Polymarket. Palinso Manifold, komwe amasewera ndi ndalama zongoyerekeza, ndipo munthu wamba amatha kutsegula funso lake n'kuika yekha nambala yoyambira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Funso likangotsegulidwa, pasanabwere wogula aliyense, payenera kukhala nambala yoyamba. Ambiri amangoyambira pa 50, ngati kuti mbali zonse n'zofanana. Koma 50 si nambala yosalakwa. Wina atafunsa ngati mvula igwe ku Namitete mu Julayi n'kuyambira pa 50, mlimi aliyense wa kwa Kalolo angamuseke, chifukwa imeneyo ndi nthawi ya chisanu ndi fumbi. Funso lomwelo mu Januwale, 50 n'njochepa. Wodziwa amabwera n'kukolola zaulere, wosadziwa n'kukhulupirira kuti msika walankhula, pomwe walankhula ndi munthu mmodzi amene sanaganize n'komwe.

Ngakhale msika waukulu suli wotetezeka. Mu Okotobala 2024 zinadziwika kuti munthu mmodzi wa ku France, pogwiritsa ntchito maakaunti angapo, anaika madola mamiliyoni ambiri pa Polymarket kuti Donald Trump apambana, ndipo mtengo wa tikiti unakwera. Trump anapambanadi, koma phunziro silisintha: nambala imene inkaoneka ngati mawu a khamu inali ndi dzanja lolemera la munthu mmodzi mkati mwake. Ngati izi zingachitike pa msika wa mabiliyoni, nanga pa msika wa anthu khumi?

Misika imeneyi sinazike mizu kuno. Polymarket imayendera ndalama za pa intaneti za crypto, zimene Reserve Bank of Malawi inachenjeza kale kuti si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Koma m'bale wake wapafupi anafika kale pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Kabudula kudzera m'mafoni ndi timashopu ta kubetcha. Premier Bet, betPawa ndi 888bets ndi maina odziwika ngakhale kwa wakabaza. Kusiyana kwake n'kwakuti pa msika wa zam'tsogolo anthu amagulitsana matikiti okhaokha, pomwe pa kubetcha mpira kampani ndiyo imaika nambala, ndipo ndi yomweyonso imene munthu akulimbana nayo.

Chifukwa chake nambala yoyamba imamatirira

Wamalonda aliyense amadziwa kuti kunenerera kumazungulira pa mtengo woyamba kutchulidwa. Wogulitsa jekete ya kaunjika akayamba pa K15,000, wogula amaona ngati wapambana akaitenga pa K11,000, ngakhale mwina ikanayamba pa K10,000 akanaitenga pa K8,000. Jekete ndi yomweyo. Chasintha ndi poyambira.

Akatswiri awiri a za kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anaonetsa izi mu 1974. Ankazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, lokonzedwa kuti liime pa 10 kapena pa 65, kenako n'kuwafunsa kuti mwa maiko 100 alionse a mu United Nations, a mu Africa ndi angati. Amene anaona 10 ankayankha cha m'ma 25. Amene anaona 65 ankayankha cha m'ma 45. Onse ankaona okha kuti gudumulo silikukhudzana ndi funso, komabe nambala yoyamba inawakoka. Ngati nambala ya gudumu imakoka munthu chonchi, kuli bwanji nambala yolembedwa pa foni ndi kampani imene ikuoneka kuti ikudziwa zonse za mpira?

Kuwerenga zimene ma odds akubisa

Ma odds ndi mtengo, ndipo mtengo uliwonse umasomphoka. Njira yake ndi yapafupi: kugawa 100 ndi nambala imene yaikidwa. Ma odds a 2.00 akutanthauza mwayi wa 50 pa 100. A 4.00 ndi 25 pa 100. A 1.25 ndi 80 pa 100.

Nachi chitsanzo cha manambala ongoyerekeza. Masewero a Silver Strikers ndi FCB Nyasa Big Bullets aikidwa chonchi: Silver kupambana 2.10, kufanana mphamvu 3.20, Bullets kupambana 3.40. Powerengera, yoyamba ndi 47.6, yachiwiri 31.3, yachitatu 29.4. Kuphatikiza zonse zikukwana 108.3. Koma masewero a mpira amatha m'njira zitatu zokhazi, ndiye mwayi wonse uyenera kukwana 100 ndendende. Zapamwambazo, 8.3, ndi gawo la kampani. Pa K1,000 iliyonse imene anthu aika pa masewerowa, pafupifupi K77 yatsala kale kwa eni tsamba mpira usanayambe.

Palibe cholakwa kuti kampani idyepo. Nayenso wogulitsa tomato amadyapo. Koma wa tomato akanena kuti mulu ndi K500, wogula amaona tomato, amawerenga, amafinya. Gawo la kampani silionekera paliponse. Lili ngati sikelo yokhala ndi mwala pansi, yomwe mwini wake akuti mwalawo ndi wololedwa, koma sakufuna kunena kulemera kwake.

Zimafika poipa pa tikiti ya masewero ambiri, yomwe anyamata ambiri amaikonda chifukwa K1,000 imalonjeza zikwizikwi. Munthu asankhe masewero 10, aliwonse pa 1.50. Tikiti ikumulonjeza K57,665. Ma odds a 1.50 akuoneka ngati mwayi wa 67 pa 100, koma kuchotsa gawo la kampani, mwayi weniweni uli cha pa 62. Kuti masewero onse 10 ayende momwe wasankhira, mwayi wake ndi kamodzi pa maulendo pafupifupi 119. Ndiye kuti munthu wogula tikiti yotere tsiku ndi tsiku, pakapita nthawi, pa K1,000 iliyonse amabwezeredwa pafupifupi K484. Gawo limene linali laling'ono pa masewero amodzi ladzichulukitsa kakhumi mpaka ladya kuposa theka la mpamba. Palibe wakatapila wa pa Nambuma amene angayerekeze kudula chonchi anthu akuona.

Ndipo nambala yoyamba imalakwa, ngakhale ikhale ya akatswiri. Nyengo ya 2015/16 isanayambe, makampani a ku England anaika Leicester City pa 5,000 kwa 1 kuti itenga ligi, ndipo inatengadi. Nkhaniyi amaikonda obetcha chifukwa imawapatsa chiyembekezo. Phunziro lake lenileni ndi lina: nambala imeneyo anailemba ndi munthu, ndipo munthu amafunsidwa.

Boma nalo limatchula mtengo woyamba

Wamalonda amene sabetcha asaganize kuti izi sizikumukhudza. Chaka chilichonse, zokolola zikayandikira, Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugula mbewu. Chimanga chinaikidwa pa K500 pa kilogalamu mu 2023, ndipo pa K650 mu 2024. Pakati pa zaka ziwirizi, mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mlimi wa ku Kabudula amene anagula feteleza kwacha itagwa anali ndi ufulu wofunsa ngati K150 yowonjezerayo ikukwanira kubweza zimene analowetsa.

Unduna umanena kuti umawerengera ndalama zimene mlimi amalowetsa m'munda. Zili bwino, koma chimene chimafika pa msika ndi nambala yokha, yopanda masamu ake. Thumba la feteleza analiwerengera pa zingati? Anayerekeza kuti mlimi akolola matumba angati pa ekala? Ganyu wopalira ndi wokolola analowamo? Pepala limodzi loyankha mafunso amenewa, lomatidwa pa ofesi ya zaulimi ya ku Mpingu ndi pa chipata cha msika uliwonse, likanathetsa mikangano yambiri ya pa sikelo. Popanda pepalalo, mlimi amati venda ndi wakuba chifukwa akugula pansi pa mtengo wa boma, venda amati boma silidziwa mtengo wa thiransipoti, ndipo onse awiri akukangana pa nambala imene aliyense wa iwo sanaione ikuphikidwa.

Alimi a fodya amaidziwa bwino nkhaniyi. Pa okushoni ku Kanengo belo lililonse limayamba ndi mtengo wotsegulira, ndipo ogula amapikisana kuchokera pamenepo. Belo likayamba pansi, kawirikawiri limathera pansi. N'chifukwa chake mlimi amalimbana kwambiri ndi giredi imene belo lake lapatsidwa: akudziwa kuti nkhondo yaikulu ili poyambira.

Zimene otsutsa anganene

Pali mfundo ziwiri zotsutsa, ndipo zonse n'zomveka. Yoyamba ndi yakuti masamu a mtengo ndi chinsinsi cha bizinesi. Venda akaulula kuti ku fakitale akagulitsa pa zingati, mlimi adzafuna mtengo wonsewo, ndipo venda mnzake adzamulanda msika. Kampani yobetcha nayo inganene kuti njira yake yowerengera mphamvu za matimu inaigula ndi ndalama.

Yankho lake n'lakuti palibe akupempha chinsinsi chonse. Wophika mandasi sakakamizidwa kunena muyezo wa yisiti, koma wogula ali ndi ufulu wodziwa kuti mafuta ndi atsopano. Kampani isunge makompyuta ake, koma inene zinthu zitatu: nambala imene inayambira, gawo limene ikudya, ndi chifukwa chimene nambala yasinthira. Zimenezi sizipereka mpeni kwa mdani. Zimangochotsa nsalu kumaso kwa kasitomala.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti msika umadzikonza wokha: nambala yoyamba ikalakwa, odziwa amabwera n'kuikankhira pamalo pake. Izi n'zoona pa msika wodzadza. Kwa Mgona kapena ku msika waukulu wa Lilongwe, wogula mtedza akatchula mtengo wopusa, mlimi amangosuntha mapazi asanu n'kupeza wina. Koma pa kamsika ka kumudzi, mvula itadula msewu, galimoto yogula ili imodzi, mlimi ali ndi mwana wodwala woti apite naye ku St Gabriel's, mtengo woyamba ndi womwewonso womaliza. Chimodzimodzi pa intaneti: funso la chisankho cha ku America limakonzedwa ndi anthu zikwi zambiri, koma funso la masewero a ligi yaing'ono limatha kufika kumapeto lili pafupi ndi pomwe linayambira. Msika ukachepa, udindo wa wotsegula umakula. Ndipo misika yambiri ya kuno ndi yaing'ono.

Chimene chiyenera kuchitika

Bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lomwe linabadwa ndi lamulo la mu 2022 loyang'anira juga ndi malotale, ndi limene limapereka ziphaso kwa makampani obetcha. Lili ndi mphamvu yoika zoyenera kutsata pa chiphaso. Lingathe kulamula kuti pambali pa ma odds aliwonse pazilembedwa mwayi wake pa 100, kuti gawo la kampani lizioneka pa masewero aliwonse ndi pa tikiti yonse, komanso kuti ma odds oyambira azisiyidwa poonekera ngakhale atasintha. Izi zilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'timalemba ta Chingerezi tobisika pansi pa tsamba. Malawi Bureau of Standards imayendera masikelo a m'misika ndi kuwadinda chifukwa dziko linavomereza kale kuti wogula sangakhulupirire muyezo wa wogulitsa popanda woutsimikizira. Ma odds nawo ndi sikelo.

Tsiku limene misika ya zam'tsogolo idzafune chiphaso m'dziko muno, lamulo lomweli lidzaipeze pakhomo: wotsegula funso alembe kuti wayambira pa nambala yanji, chifukwa chiyani, komanso ngati iye mwini waikapo ndalama ku mbali ina.

Koma wamalonda asadikire boma. Venda wogula mbewu angathe kuyamba yekha sabata ino ndi kachikatoni ndi choko. Nachi chitsanzo china chongoyerekeza. Ngati ku Kanengo akugula soya pa K1,500 pa kilogalamu, thiransipoti ya thumba la makilogalamu 50 ndi K5,000, ndiye K100 pa kilogalamu. Thumba lopanda kanthu K1,000, ndiye K20. Okweza ndi otsitsa K500, ndiye K10. Zinyalala ndi chinyezi zikadya makilogalamu awiri pa thumba, ndi K60. Phindu lake aike K100. Mtengo wogulira ukutuluka K1,210. Mlimi akaona masamu amenewa akhoza kukangana ndi nambala imodzi, mwina ya thiransipoti, koma sanganene kuti waberedwa. Ndipo mlimi amene wafotokozeredwa amabweranso chaka chamawa, atatenganso mlamu wake. Venda wobisa masamu amadya kamodzi.

Wogula naye asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Asanavomere mtengo wa woyamba kukoleka sikelo, aimbe foni kwa anthu awiri a misika ina, wina ku Namitete, wina m'tauni. Bungwe la ACE, lomwe lili ku Kanengo, ndi amodzi mwa malo amene amatsata mitengo ya mbewu m'misika yosiyanasiyana. Mayunitsi a K200 angapulumutse K10,000 pa thumba. Chofunikanso n'chakuti munthu achoke kunyumba ali ndi nambala yakeyake m'mutu, yowerengera kuchokera pa zimene analowetsa, chifukwa wofika pa msika wopanda nambala amatenga ya mnzake.

Kwa wobetcha, langizo labwino koposa ndi lakuti mpamba wa geni ndi ndalama za banki mkhonde zisayandikire tsamba lobetchera. Amene sangathe kusiyiratu, achite chinthu chimodzi asanadine: atsegule kakyuleta ya pa foni yomweyo, agawe 100 ndi nambala iliyonse mwa zitatu zija, aphatikize. Chimene chapitirira pa 100 ndi mtengo umene akulipira. Akauona n'kuvomera, ndi ndalama zake. Koma auone kaye.

Venda wa ku Nsaru uja sangalole kugula thumba la mtedza lomangidwa kukamwa osapisamo dzanja. Amalasa ndi chitsulo pansi, pakati ndi pamwamba, amatafuna njere kuti amve ngati wauma. Nambala ya pa foni nayo ndi thumba lomanga. Ailase chimodzimodzi, ndipo m'mawa akakoleka sikelo, alole mlimi alasenso yake.